Chipangizo ndi Kaseweredwe: Mawu Ofotokozera Masewera a Pakanema m'Chichewa

1.0 Mawu oyamba

Munthu wotsika mapiri kuchokera ku Blantyre, akadutsa pa Thabwa nawoloka Shire n'kumalowera ku Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje, amaona pamisika ya m'mbali mwa msewu timanyumba momwe anyamata amaunjikana mozungulira kanema. M'timanyumba tina amaonera mafilimu, koma mwina amalipira kandalama kuti asewere mpira kapena nkhonya pogwiritsa ntchito makina olumikizidwa kukanemayo. Mukaima pakhomo mumva mawu monga gemu, kontirola, batani ndi kuseva akutchulidwa pakati pa ziganizo za Chichewa, Chimang'anja ndi Chisena. Anawa adayamba kale kupereka mayina ku zinthuzi, pamene ife olemba, akonzi ndi aphunzitsi tikadali m'mbuyo.

Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza mmene kapangidwe ka makina otere kamabalira njira zatsopano zosewerera, ndipo kuchokera pamenepo tione mawu oyenera kugwiritsa ntchito polemba. Sitingathe kusankha dzina labwino la chinthu chomwe sitikudziwa kagwiridwe kake ka ntchito. Mawu osankhidwa mosamvetsa amasokeretsa wophunzira, ndipo akalowa m'buku la sukulu amavuta kuwachotsa.

2.0 Phunziro lochokera ku ntchuwa, bawo ndi ulimba

Mfundo yoti chipangizo chimalamula kaseweredwe si yachilendo kwa ife. Ntchuwa amasewera pamaenje okumba pansi, ndipo popeza nthaka ilibe malire, osewera akhoza kutalikitsa mizere ya maenjewo mpaka anthu angapo kukhala mbali imodzi namathandizana kuyendetsa miyala. Bawo amasewera pathabwa losema la mizere inayi, mzere uliwonse maenje 8, onse pamodzi 32, ndi nkhomo 64. Pathabwalo pali dzenje la ngodya zinayi lomwe ambiri amalitcha nyumba, ndipo pali malamulo okhudza dzenje lokhalo. Mmisiri akapanda kulisema mosiyana ndi anzake, malamulowo amasowa pokhala.

Chimodzimodzinso ulimba wa Asena wa kuchigwa kuno. Kuchuluka kwa timatabwa take ndiko kumalola anthu angapo kuimba pachida chimodzi nthawi imodzi, ndipo zikho zomangidwa kunsi ndizo zimakuza mawu ake. Woimba angakhale waluso bwanji, sangatulutse liwu lomwe mmisiri sadaliikemo. Makina a masewera a pakanema amatsata lamulo lomweli.

3.0 Mawu atatu ofunika kuwasiyanitsa

M'Chingerezi muli mawu atatu omwe amasokoneza omasulira. Oyamba ndi "hardware", kutanthauza zigawo zogwirika za makina. Apa mawu athu akuti zipangizo akukwanira. Achiwiri ndi "software", omwe ndi malangizo olembedwa oti makina atsatire, ndipo mawu akuti pulogalamu adakhazikika kale. Achitatu ndi "mechanics", ndipo apa ndi pomwe pagona vuto. Womasulira wofulumira amakumbukira makaniko wa kugalaja nalemba kuti umakaniko wa masewera, zomwe zimapatsa woweranga chithunzi cha munthu wokonza makina owonongeka. Tanthauzo lenileni ndi zochita zomwe masewera amalola wosewera kuchita, pamodzi ndi zotsatira zake, monga kudumpha, kubisala, kusinthana katundu kapena kupatsira mpira. M'bawo, kutakata ndi kudya nkhomo za mnzako ndi zitsanzo zake.

Chichewa chili ndi njira yakeyake yopangira mayina otere. Timaphatikiza ka- kutsinde la mneni ndi kutsiriza ndi -idwe kapena -edwe, monga kayendedwe, kalembedwe ndi kaphikidwe. Motero kuchokera ku mneni sewera timapeza kaseweredwe. Tikunena kuti dzinali liimire zonse pamodzi, ndipo chochita chimodzi chizitchedwa njira ya kaseweredwe. Malamulo a masewera akhale mawu apadera, pakuti lamulo limanena choletsedwa ndi chololedwa, pamene njira ya kaseweredwe imanena chimene dzanja la wosewera likuchita.

4.0 Mmene zipangizo zidabalira kaseweredwe

4.1 Kuchepa kwa mphamvu ya makina

Makina oyamba ogulitsidwa kuti anthu azisewera pakanema wa kunyumba adali Magnavox Odyssey, omwe adatuluka ku America mu 1972 kuchokera ku ntchito ya Ralph Baer. Makinawa sankatulutsa mawu ndipo sankawerenga zigoli. Ankangoonetsa timadontho towala, ndipo wogula ankapatsidwa mapepala apulasitiki omata pagalasi la kanema kuti aoneke ngati bwalo. Kuwerenga zigoli idali ntchito ya osewera okha, monga mmene zilili pabawo.

Atari 2600 ya mu 1977 idali ndi malo okumbukira zinthu a mabayiti 128 okha. Bayiti imodzi imasunga lembo limodzi, choncho malowa adali ochepa kuposa uthenga umodzi wa pafoni, womwe umalola malembo 160. Chogwirira chake chidali kandodo kamodzi ndi batani limodzi. Masewera a nthawi imeneyo ambiri adali a kuyenda ndi kuwombera basi, chifukwa dzanja lidalibe china chochita.

Nthawi zina kufooka kwa makina ndiko kudabala njira yatsopano. Mu 1978 Tomohiro Nishikado wa ku Japan adapanga Space Invaders, masewera a pamakina oponyamo ndalama yachitsulo. Adaona kuti adani akachuluka pakanema makina ankawayendetsa pang'onopang'ono chifukwa cholemedwa, ndipo akamaphedwa otsalawo ankayamba kuthamanga. Iye adazisiya momwemo, ndipo masewerawo adakhala ovutiravutira pamene wosewera akuyandikira kupambana. Mu 1999 opanga Silent Hill pa PlayStation adagwiritsa ntchito nkhungu kubisa zinthu zakutali zomwe makina sakadatha kujambula zonse nthawi imodzi. Nkhunguyo ndi imene idadzetsa mantha omwe masewerawo adatchuka nawo, popeza wosewera amamva mdani asadamuone.

4.2 Chithunzi choyenda

M'masewera ambiri oyambirira dziko lonse linkathera m'mphepete mwa galasi la kanema. Famicom ya kampani ya Nintendo, yomwe idatuluka ku Japan mu 1983 ndi ku America mu 1985 m'dzina loti NES, idali ndi kachipangizo kapadera kotha kusendeza chithunzi mosadukiza. Chifukwa cha ichi, mu Super Mario Bros. ya mu 1985, yomwe adatsogolera Shigeru Miyamoto, wosewera amathamangira kumanja ndipo dziko limatambasuka patsogolo pake. Masewera adasanduka ulendo wokhala ndi poyambira ndi pothera. Super Famicom ya mu 1990 idawonjezera luso lotembenuza ndi kupendeketsa chithunzi cha pansi kuti chioneke ngati msewu wopita kutali, ndipo apa ndi pomwe padachokera mipikisano ya magalimoto ya F-Zero mu 1990 ndi Super Mario Kart mu 1992.

4.3 Kusunga pomwe wafika

Makina akale ankaiwala zonse akazimitsidwa, motero masewera ankayenera kutha pakukhala kumodzi. The Legend of Zelda itatuluka ku America mu 1987, m'kabokosi kake mudaikidwa kabatire kosunga pomwe wosewera wafika. PlayStation ya kampani ya Sony, yomwe idatuluka mu 1994, idabwera ndi khadi losungira la padera, ndipo masewera ake adali pamadisiki otenga zinthu zochuluka kwambiri kuposa timabokosi takale. Final Fantasy VII ya mu 1997 idadzaza madisiki atatu. Kuyambira pamenepo masewera adatha kukhala nkhani yaitali ya masabata ambiri, yokhala ndi atengambali omwe amakula ndi kusintha monga a m'buku la nthano yaitali.

4.4 Chogwirira m'manja

Chigawo chomwe chimasintha kaseweredwe moonekeratu ndi chogwirira. Batani wamba limadziwa zinthu ziwiri zokha, kudinidwa ndi kusadinidwa. Nintendo 64 ya mu 1996 idabwera ndi kandodo koyendetsa ndi chala chachikulu, komwe kamazindikira mbali yomwe kakankhidwira komanso kukula kwa kukankhako. Mu Super Mario 64, kukankha pang'ono kumachititsa mtengambali kunyang'ama, ndipo kukankha kwambiri kumamuthamangitsa. Motero kudakhala kotheka kudutsa mwakachetechete pafupi ndi mdani wogona osamudzutsa. Mu 1997 Sony idatulutsa chogwirira cha DualShock chokhala ndi tindodo tiwiri komanso chotha kunjenjemera. Ape Escape ya mu 1999 sinkaseweredwa popanda tindodo tiwirito, kena koyendera ndi kena kovungira ukonde. Anyamata a pa Nchalo akamanyenga mdani ndi kandodo ka kumanja m'masewera a mpira, akudya zipatso za kusintha kumeneku.

Wii ya mu 2006 idabwera ndi chogwirira chozindikira kuyenda kwa mkono, kotero kuti womenya mpira wa tenisi ankavunga dzanja lenileni. Pa PlayStation 5 ya mu 2020, mabatani a kuzala zakutsogolo amatha kuuma kapena kufewa malinga ndi zomwe zikuchitika, monga kulimba kwa nsinga ya uta pamene ukukokedwa.

Chitsanzo china chimaonetsa kuti njira ya kaseweredwe ikhoza kufa pamodzi ndi chipangizo chake. Mu Duck Hunt ya mu 1984 wosewera ankaloza kanema ndi kamfuti kapulasitiki. Akawomba, kanema ankada kwa kamphindi kosaoneka bwino ndi maso, kenaka pamalo pa bakha pankawala, ndipo kamfutiko kankazindikira kuwalako. Njirayi inkadalira makanema akale a chimsana. Pamakanema opyapyala a masiku ano chithunzi chimachedwa pang'ono kufika, ndipo kamfuti kaja sikagwiranso ntchito.

4.5 Kulumikizana ndi dziko la kunja

Game Boy ya mu 1989 idali ndi chingwe cholumikizira makina awiri. Satoshi Tajiri adamangira Pokémon ya mu 1996 pachingwe chimenechi. Masewerawo adatuluka m'mitundu iwiri, ndipo tinyama tina tinkapezeka mumtundu umodzi wokha, choncho wofuna kukhala nato tonse ankayenera kusinthana ndi mnzake. Mu 2003 kampani ya Konami idatulutsa Boktai, yomwe kabokosi kake kadali ndi kachipangizo kozindikira kuwala kwa dzuwa. Chida cha mtengambali chinkalandira mphamvu wosewera akakhala padzuwa, ndipo akakhalitsa padzuwa lambiri chinkatentha n'kuleka kugwira ntchito. Mwana wa ku Ngabu m'mwezi wa Okutobala sakadavutika kudzaza chidacho, koma akadafunika mthunzi wa mtondo kuti chizizire.

Liwiro lowerengera zosungidwa nalonso ndi chipangizo. Pamakina a madisiki wosewera ankadikira kuti malo atsopano awerengedwe, ndipo opanga ankabisa kudikirako ndi zitseko zotseguka mochedwa kapena tinjira topapatiza. PlayStation 5 ili ndi chosungira chopanda zigawo zozungulira, chomwe chimawerenga mofulumira kwambiri. Mu Ratchet & Clank: Rift Apart ya mu 2021, kulumpha kuchoka m'dziko lina kulowa m'dziko lina pakati pa nkhondo kudasanduka njira ya kaseweredwe.

5.0 Zipangizo za kuchigwa cha Shire

Kwathu kuno mawu akuti zipangizo sathera pakabokosi ndi chogwirira. Magetsi, kutentha ndi ndalama nazonso zimalamula zomwe zingaseweredwe. Wailesi yakanema ya dziko lino idayamba kuulutsa mu 1999, ndipo makanema adayamba kuchuluka m'misika patapita nthawi, motero ana ambiri adakumana ndi masewerawa m'timanyumba tolipira osati kunyumba kwawo.

M'kanyumba kolipira, kanema ndi mmodzi, zogwirira ndi ziwiri, ndipo odikira ndi ambiri. Masewera oyenera malo otere ndi omwe amatha m'mphindi zochepa, a anthu awiri, ndipo wopambana amadziwika mosakayikitsa. Mpira ndi nkhonya zimakwaniritsa zonsezi. Nkhani zazitali zofuna kusunga pomwe wafika sizikhala bwino pamakina a anthu onse, chifukwa wobwera pambuyo akhoza kufufuta zomwe mnzake adasunga. Izi zikufanana ndi makina oponyamo ndalama a m'ma 1970 ndi 1980, omwe ankapatsa wosewera mipata yochepa kuti ena apeze danga ndiponso kuti ndalama zilowe.

Magetsi nawo ndi nkhani. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa, ndipo dziko lidataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kufikira mu 2023. Magetsi akamazimazima, masewera ofupika amataya zochepa kuposa aatali. Kutentha kwa chigwa chino, komwe kumapitirira madigiri 40 m'nyengo ya chilimwe, pamodzi ndi fumbi, kumalemetsa makina omwe amadalira kamphepo kodutsa mkati kuti azizire. Mphunzitsi wa sayansi wa ku Bangula ali ndi chitsanzo chapafupi chophunzitsira za kutentha, magetsi ndi kuwala, malinga akhale ndi mawu ofotokozera.

6.0 Kalembedwe ka mawu obwereka

Kubwereka mawu si tchimo. Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chofunika ndi chakuti mawu obwerekawo amvere malamulo a chiyankhulo chathu, monga adachitira sukulu, buku ndi galimoto. Mfundo zinayi zikhoza kutitsogolera.

Poyamba, phatikizo la Chichewa limathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo opanda liwu omwe sayendera limodzi m'Chichewa amalekanitsidwa. Motero timalemba gemu, disiki ndi sikirini.

Kachiwiri, lamulo lodziwika la l ndi r ligwire ntchito: r amatsatira e kapena i, ndipo l amatsatira a, o kapena u. Mawu akuti kontirola ndi chitsanzo chabwino pophunzitsa, pakuti muli r pambuyo pa i ndi l pambuyo pa o. Momwemonso pulogalamu, sikirini ndi batire.

Kachitatu, dzina lobwereka lipatsidwe gulu lake ndipo mgwirizano usasinthesinthe. Batani lili m'gulu la Li-Ma: batani ili, mabatani awa. Gemu imatsata njira ya galimoto: gemu iyi, magemu awa. Mkonzi aonetsetse kuti wolemba sadalembe gemu iyi m'ndime ina ndi gemu ili m'ndime yotsatira.

Kachinayi, mayina a makampani, a makina ndi a masewera ndi mayina amwinimwini, choncho alembedwe monga eni ake amalembera: Nintendo, PlayStation, Pokémon.

7.0 Misampha ya kumasulira

Mawu ena a Chingerezi amakopa womasulira kutenga tanthauzo loyamba la mumtanthauziramawu. Mneni "save" pano sukutanthauza kupulumutsa. Ana amati kuseva, ndipo m'zolembedwa tikhoza kunena kuti kusunga. Dzina "life" likamasuliridwa kuti moyo limabala ziganizo zachilendo monga yakuti watsala ndi miyoyo iwiri. Chomwe wosewera watsala nacho ndi mipata iwiri yoyeseranso, choncho mpata ndi mawu oyenera. "Level" nthawi zina ndi gawo la ulendo ndipo nthawi zina ndi msinkhu wa mphamvu za mtengambali, motero mawu awiriwa asiyanitsidwe molingana ndi nkhani. "Character" si khalidwe, koma mtengambali, mawu omwe ophunzira amawadziwa kale kuchokera m'phunziro la nkhani zamchezo ndi zolembedwa.

Pali vuto linanso ndi mawu akuti masewera, omwe amaimira mpira wa pabwalo, masanje a ana komanso, m'mawonekedwe akuti masewero, zisudzo. Polemba mwaulemu tikhoza kunena kuti masewera a pakanema, ndipo gemu ikhale yololedwa m'nkhani zopepuka ndi m'zokambirana za atengambali.

Mawu omwe tikupereka kuti awerengi awaganizire ndi awa:

makina a masewera a pakanema: kabokosi kolumikiza kukanema komwe kamayendetsa masewera

chogwirira, kapena kontirola: chipangizo cha m'manja chokhala ndi mabatani

kandodo kowongolera: kachigawo koyendetsa ndi chala chachikulu

chokumbukira: malo osunga zinthu pokhapokha makina ali oyaka

chosungira: malo osunga zinthu ngakhale makina atazima

kusendera kwa chithunzi: kuyenda kwa dziko la pakanema motsatira wosewera

kaseweredwe: zochita zonse zomwe masewera amalola

njira ya kaseweredwe: chimodzi mwa zochitazo

Kusiyanitsa chokumbukira ndi chosungira n'kofunika kwambiri, chifukwa wophunzira yemwe wamvetsa mawu awiriwa wamvetsanso chifukwa chake ntchito yosasungidwa imatayika pakompyuta magetsi akazima.

8.0 Mawu omaliza

Ntchito yosonkhanitsa mawu m'chigawo chino ndi yakale. David Clement Scott adasindikiza mtanthauziramawu wa Chimang'anja mu 1892, ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wokonzedwa ndi Centre for Language Studies ya ku Zomba udatuluka mu 2000. Mabuku otere amalemba zomwe anthu a nthawi yawo amayankhula, ndipo nthawi yathu ili ndi zake zoti zilembedwe.

Mawu omwe taperekawa sadakhazikike. Mawu opangidwa muofesi amakhala ndi moyo pokhapokha oyankhula atawalandira, ndipo kuchigwa cha Shire ayeneranso kumveka bwino kwa mwana yemwe kwawo amayankhula Chisena. Tikupempha aphunzitsi a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje kuti awayese m'kalasi, amvetsere mawu omwe ana akugwiritsa kale ntchito m'timanyumba ta gemu, awalembe pamodzi ndi chiganizo chomwe adawamvamo, ndi kuwatumiza kwa mkonzi wa kalata ino. Akonzi a nyuzipepala ndi a mabuku nawonso atidziwitse mawu omwe awavuta pantchito yawo, kuti tidzawakambirane m'kope lotsatira.